Kutsata Yesu Pakati pa Anthu Olakwa: Mafunso ndi Mayankho

Kwa zaka zoposa khumi ndakhala ndikutumikira monga mkulu wa mpingo muno mu Lilongwe, kuphunzitsa kalasi ya ofuna ubatizo ndi kuyendera mabanja, ndipo ndaona kuti ndi ochepa amene amabwera kudzafunsa za ziphunzitso zakuya monga Utatu wa Mulungu. Ambiri amabwera chifukwa cha munthu: mayi wa m'kwaya amene anawanena, msungichuma amene sapereka lipoti, mbusa amene sanafike pa maliro a mwana wawo. Mafunso ali pansipa ndawalemba pafupifupi mmene anthu amawafunsira, ena pakhonde mapemphero a pakati pa sabata atatha, ena m'minibasi ya ku Area 25 titakhala mopanikizana. Dzina la mpingo wanga ndalisiya dala, pakuti zomwezi ndazimvanso kwa anzanga a mipingo ina.

Ngati mpingo ndi wa Mulungu, n'chifukwa chiyani muli miseche, kaduka ndi timagulu?

Chifukwa chake n'chakuti mwalowa anthu, ndipo madzi a ubatizo sachotsa lilime m'kamwa mwa munthu. Ambiri timaganiza kuti panali nthawi ina imene mpingo unali woyera kotheratu, n'kudzaipa masiku ano, koma munthu akawerenga Chipangano Chatsopano modekha nthawi imeneyo saipeza. Mpingo wa ku Yerusalemu usanakhalitse n'komwe, panabuka dandaulo lakuti amayi amasiye olankhula Chigriki akuiwalidwa pogawa chakudya cha tsiku ndi tsiku (Machitidwe 6:1). Ku Korinto anthu anagawikana potsata alaliki, wina kumati ndi wa Paulo, wina wa Apolo, wina wa Kefa, ndipo pa Mgonero wa Ambuye ena ankaledzera anzawo ali ndi njala (1 Akorinto 1:12, 11:21). Ku Filipi amayi awiri, Euodiya ndi Suntuke, anasemphana maganizo kufikira pakuti Paulo anawatchula maina m'kalata yopita kwa mpingo wonse. Yohane akunena za Diotrefe, munthu wokonda ukulu, amene ankatulutsa mu mpingo anthu ofuna kulandira alendo (3 Yohane 9-10). Ngakhale pakati pa ophunzira 12 amene Yesu anasankha yekha, wosunga thumba la ndalama ankaba za m'thumbamo (Yohane 12:6).

Yesu anayerekeza ufumu wakumwamba ndi khoka loponyedwa m'nyanja (Mateyu 13:47-50), ndipo amene anaonapo khoka likukokedwa ku Senga Bay akudziwa kuti silisankha. Limabwera ndi nsomba zabwino, nkhanu, zinyalala ndi zina zosadyedwa, ndipo kusankha kumachitika likafika kumtunda.

Komabe munthu asatenge zimenezi ngati chilolezo chokhalira phee. Taonani zimene atumwi anachita ndi dandaulo la amasiye lija. Sanawauze odandaulawo kuti apemphere kwambiri ndi kusiya kung'ung'udza. Anaitanitsa msonkhano, mpingo unasankha amuna asanu ndi awiri oti ayang'anire ntchitoyo, ndipo maina awo onse, kuyambira Stefano ndi Filipo, ndi a Chigriki, zimene zikuonetsa ngati ntchitoyo inaperekedwa m'manja mwa mbali yomwe inkadandaula. Dandaulo linamveka, ndipo dongosolo linasintha.

Kodi sindingapemphere ndekha kunyumba, n'kumamvera ulaliki pa wailesi kapena pa foni?

Mungathe, ndipo Mulungu amamva pemphero la m'chipinda chotseka monga Yesu mwini ananenera (Mateyu 6:6). Odwala, okalamba ndi alonda amene amagwira ntchito Lamulungu amathandizidwa kwambiri ndi Trans World Radio, Radio Maria ndi mawailesi ena, ndipo m'chaka cha 2020, pamene boma linaletsa misonkhano ya anthu oposa 100 chifukwa cha Covid-19, ambiri tinaphunzira kupembedza pabalaza ndi ana athu.

Vuto lili pakuti zambiri zimene wophunzira wa Yesu analamulidwa sizichitika munthu ali yekha. Timauzidwa kunyamulirana zothodwetsa (Agalatiya 6:2), kupirirana, kukhululukirana, kuululirana machimo ndi kupemphererana (Yakobo 5:16). Nanga munthu amene ali yekha adzapirira yani, adzakhululukira yani? Ine sindinadziwe kuchepa kwa kuleza mtima kwanga kufikira pamene ndinakhala m'komiti imodzi ndi bambo amene amalankhula mphindi 20 pa nkhani ya mphindi ziwiri. Mlaliki wa pa YouTube ndimamusankha ndekha, akanena zondilasa ndimamuzimitsa, ndipo sadziwa mmene ndinawayankhira amayi kunyumba dzulo madzulo. Mnansi amene ndimapemphera naye anamva zonse kuseri kwa mpanda, ndipo ndiye angathe kundikokera pambali. Wolemba kalata ya kwa Ahebri ankadziwa kale anthu amene anazolowera kujomba misonkhano, ndipo chifukwa chimene anapereka chosonkhanira n'chakuti tizilimbikitsana (Ahebri 10:25).

Abusa amene anandibatiza ndi kudalitsa ukwati wanga anapezeka m'tchimo lalikulu. Kodi ubatizo wanga ndi woona?

Funso limeneli linayamba kufunsidwa muno mu Africa momwe, zaka zoposa 1,600 zapitazo. M'chaka cha 303 mfumu ya Roma, Diocletian, inalamula kuti mabuku opatulika a Akhristu aperekedwe kuti atenthedwe, ndipo atsogoleri ena a mpingo anawaperekadi chifukwa cha mantha. Mazunzo atatha, Akhristu ambiri a kumpoto kwa Africa, amene pambuyo pake anadziwika ndi dzina la mtsogoleri wawo Donatus, ananena kuti ubatizo ndi kudzoza kochitidwa ndi anthu operekawo n'kopanda mphamvu, ndipo anayamba kubatizanso anthu obwera kwa iwo. Mpingo unang'ambika pakati, kotero kuti m'mizinda yambiri munali mabishopu awiri opikisana. Augustine, bishopu wa ku Hippo, kumene lero ndi ku Algeria, anatsutsa maganizo amenewa pophunzitsa kuti wobatiza weniweni ndi Khristu, kaya dzanja lothira madzi ndi la Petro kapena la Yudasi. Msonkhano waukulu wa mbali zonse ziwiri umene unachitika ku Carthage mu 411 unagamula mokomera mbali ya Augustine, ndipo mipingo yambiri ya lero, ya Katolika ndi ya Chipulotesitanti yomwe, imatsata chiphunzitso chimenechi.

Ndiwonjezere kuti Augustine yemweyo anavomereza kuti boma ligwiritse ntchito mphamvu pokakamiza otsatira Donatus kubwerera, chinthu chimene ine ndimachiona kuti chinali cholakwika. Munthu amene anatiphunzitsa kuti chisomo cha Mulungu sichidalira ungwiro wa mtumiki, nayenso anali mtumiki wopanda ungwiro.

Choncho ubatizo wanu uli chilili, ndipo malumbiro a ukwati wanu munalumbira pamaso pa Mulungu. Kupwetekedwa mtima kumene mukumva n'koona, ndipo kungatenge nthawi kuti kupole, makamaka ngati abusawo ndiwo anakutsogolerani kwa Ambuye. Zimene anakuphunzitsani ziyeseni ndi Malemba, ndipo zimene zikugwirizana nawo zisungeni, pakuti sizinali zawo.

Timapereka chopereka, chakhumi, zamasika ndi za pepa Sande, koma lipoti silimveka. Kodi kufunsa ndi kusowa chikhulupiriro?

Ayi ndithu. Paulo, posonkhanitsa thandizo la Akhristu osauka a ku Yerusalemu, sanafune kunyamula ndalamazo yekha. Anayenda ndi mbale wosankhidwa ndi mipingo, ndipo anafotokoza kuti akuchita zimenezi kuti wina asapeze chomunenera, pofuna kuchita zoyenera pamaso pa Ambuye ndi pamaso pa anthu pomwe (2 Akorinto 8:19-21). Ngati mtumwi anafuna mboni, msungichuma wa ku Kawale kapena ku Chinsapo alibe chifukwa chokwiyira akafunsidwa lisiti.

Ine ndimakhala nawo powerenga chopereka mapemphero akatha. Timakhuthulira mbale patebulo m'vesitile, n'kuyamba kuwongola ndalama imodziimodzi. Zambiri zimakhala ma K50, ma K100 ndi ma K200 opindidwa kanayi, ena onyowa thukuta chifukwa anamangidwa pansonga ya chitenje, ena onunkha utsi kapena nsomba zouma. Ma K5,000 owongoka amakhalapo, koma ndi owerengeka. Munthu akagwira ndalama zoterozo amadziwa kuti zachokera kwa mayi amene anadzuka usiku kukapikula tomato kwa Wakawaka, kapena kwa mnyamata wa kabaza amene wapalasa njinga sabata yathunthu, ndipo kuzisewera n'kuba thukuta la osauka.

Dongosolo loteteza ndalama silovuta. Owerenga asakhale ochepera atatu ndipo asakhale a banja limodzi, onse asainire chiwerengero asanatuluke, ndalama zipite ku banki tsiku lotsatira, wosunga ndalama asakhale yemweyo wovomereza kuti zigwiritsidwe ntchito, ndipo lipoti liwerengedwe pamaso pa mpingo pa nthawi yoikika. Zolowa pa Airtel Money kapena Mpamba zizipita ku nambala ya mpingo, osati ya munthu. Dongosolo lotere limatetezanso msungichuma wokhulupirika, amene popanda mapepala alibe chodziyeretsera akanamiziridwa. Funsani mwaulemu pa msonkhano woyenera, ndipo ngati n'kotheka funsani muli awiri kapena atatu.

Nkhani ya malo kumene munthu amalipira kuti aonane ndi mneneri, kapena kugula mafuta ndi madzi odzozedwa, ndi ina. Pamene Simoni wa ku Samariya anafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, Petro anamuyankha mawu owawa kwambiri (Machitidwe 8:18-20), ndipo sindikuona chimene chasintha kuchokera nthawi imeneyo.

N'chifukwa chiyani chilango cha mpingo chimagwera ofooka, pamene olemera ndi odziwika amadutsa?

Pano ndiyankhe ndi manyazi, chifukwa ndili ndi mlandu. Zaka zingapo zapitazo mtsikana wa m'kwaya yathu anapezeka ndi pakati. Anabwera pamaso pa akulu a mpingo ndi amayi ake, anagwada, anavomera zonse mosabisa, ndipo tinamuika pa chilango tsiku lomwelo. Mnyamata wake anali mwana wa bambo amene anapereka malata ambiri a tchalitchi chathu chatsopano. Mlandu wake tinauimitsa katatu, koyamba chifukwa akuti anali pa mayeso, kachiwiri chifukwa akuti wadwala, kachitatu chifukwa anapita ku Joni, ndipo kenaka unangozirala. Mtsikanayo anapitiriza kubwera Lamulungu lililonse, kukhala pa benchi yakumbuyo, ndipo pa tsiku la Mgonero ankatuluka mwakachetechete n'kukaima pansi pa mtengo wa mango kufikira nyimbo yotsiriza. Ine ndinali pa misonkhano yonse itatu ija, ndinaona zimene zinkachitika, ndipo sindinatsegule pakamwa.

Yakobo akunena za munthu wa mphete yagolide amene amapatsidwa mpando wabwino pamene wosauka akuuzidwa kuima uko, ndipo amatchula khalidweli kuti tchimo (Yakobo 2:1-9). Afarisi amene anabweretsa kwa Yesu mkazi wogwidwa m'chigololo anabwera naye yekha, chikhalirecho lamulo limene ankadalira limatchula mwamuna ndi mkazi yemwe (Levitiko 20:10). Kukondera kotere n'kwakale, koma kukalamba kwake sikukuyeretsa.

Chilango chenicheni cholinga chake ndi kubweza munthu. Paulo akuti wogwidwa m'cholakwa abwezedwe ndi mzimu wofatsa, wobwezayo akudziyang'anira yekha (Agalatiya 6:1), ndipo anauza Akorinto kuti munthu amene analangidwa amukhululukire ndi kumutonthoza kuti angamizidwe ndi chisoni (2 Akorinto 2:6-8). Mpingo umene umadziwa kudula munthu koma osamuyendera m'miyezi ya chilango, wagwira theka la ntchito, ndipo theka lake ndi losavutalo. Ngati mwaona kukondera, uzani mkulu wa mpingo wa dera lanu poyera kuti mwakuona. Akulu a mpingo ambiri, monga ine tsiku lija, amafunika wina wowachititsa manyazi kuti alankhule.

Mkhristu mnzanga wandilakwira. Ndiyambire pati?

Yambirani kwa iye, muli awiri. Yesu anaika ndondomeko yomveka: poyamba pa inu nokha, akakana mutenge mmodzi kapena awiri, ndipo akakananso nkhani ifike ku mpingo (Mateyu 18:15-17). Ife timakonda kuyambira kumapeto. Nkhani imafika pa gulu la WhatsApp la amayi kapena la achinyamata, ina imalembedwa mophiphiritsa pa Facebook, ina imasanduka mutu wa pemphero, ndipo mwini wake amaimva pomalizira. Mwambo wathu wotuma munthu wapakati uli ndi nzeru yake, makamaka pamene wolakwayo ndi wamkulu kwa inu kapena pamene mmodzi wa inu ndi mwamuna winayo ndi mkazi, koma wapakatiyo akhale mmodzi wodziwa kusunga pakamwa. Pitani mutakonzekanso kumva mbali yanu, pakuti kawirikawiri mnzanuyo amakhala ali ndi yake nkhani.

Kodi kukhululuka kukutanthauza kuti nkhanza, kugwiririra kapena kuba tizibise kuti dzina la mpingo lisaipe?

Ayi, ndipo pano pasakhale kuzungulira. Pali kufooka kumene timapirirana, monga mkwiyo, ulesi, kulankhula mosaganiza ndi kukonda ulemu. Palinso zoipa zimene zimawononga moyo wa munthu wina, ndipo zimenezi ndi milandu ya boma. Malamulo a dziko lino, chisinthireni chake mu 2017, amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Munthu amene wagwiririra mwana, kaya ndi mphunzitsi wa Sande sukulu, woimbitsa kwaya kapena mbusa, nkhani yake ipite ku polisi, kumene kuli nthambi ya Victim Support Unit, ndipo mwanayo apite naye kuchipatala mwamsanga. Chimodzimodzinso mayi amene akumenyedwa m'banja: dziko lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006, ndipo kumuuza mayi wotupa nkhope kuti banja ndi kupirira n'kumubweza kukamwa kwa mkango. Paulo amatcha wolamulira mtumiki wa Mulungu wolanga ochita zoipa (Aroma 13:4), choncho kukanena ku boma sikupandukira mpingo.

Amati khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo n'zimene zimachitika wolakwa akakhala mtsogoleri: aliyense amaopa kuswa mkhate. Pamenepo amatulutsa vesi lakuti odzozedwa a Mulungu asakhudzidwe. Werengani Masalimo 105 yense, ndipo mudzaona kuti vesi 15 ikunena za makolo a Israele pamene anali ochepa, oyendayenda pakati pa mafumu achilendo, ndipo Mulungu ankaletsa mafumuwo kuwachita choipa. Sikunena za mtsogoleri amene akukana kufunsidwa. Davide anali wodzozedwa weniweni, koma mneneri Natani anamuloza chala pa nkhani ya Uriya ndi mkazi wake (2 Samueli 12:7). Paulo akuti mlandu wa mkulu wa mpingo ulandiridwe pakakhala mboni ziwiri kapena zitatu, pofuna kuteteza atsogoleri ku mabodza, koma vesi yotsatira yomweyo ikuti ochimwawo adzudzulidwe pamaso pa onse (1 Timoteo 5:19-20). Kungomusamutsa munthu wotere kupita ku mpingo wina kuli ngati kusamutsira fisi ku khola lina.

Kukhululuka ndi ntchito ya mumtima, imene wolakwiridwa amafikapo pa nthawi yake ndi thandizo la Mulungu, ndipo palibe amene ali ndi ufulu womukakamiza kuti agwirane chanza ndi womuzunza pamaso pa gulu. Munthu angathe kukhululukidwa koma osabwezeredwa makiyi a chipinda cha ana kapena buku la ndalama.

Kusankhana mitundu ndi ndale zalowa mu mpingo. Kodi pali chiyembekezo?

Chikhalireni likulu la dziko mu 1975, Lilongwe wasonkhanitsa anthu ochokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje, ndipo onsewa amabwera ku tchalitchi ndi kwawo kumtima. Pa chisankho cha akulu a mpingo mumamva manong'onong'o akuti uyu ndi wakwathu, ndipo chaka cha mavoti chikafika, anthu a benchi imodzi amayamba kupenyana m'mbali. Mbiri ya mipingo yathu inathandizira zimenezi, pakuti amishoni anagawana madera. A Dutch Reformed anayambira ku Mvera mu 1889 pakati pa Achewa, pamene a ku Scotland anali kale ku Blantyre ndi kumpoto. Livingstonia ndi Blantyre anagwirizana kupanga CCAP mu 1924, Nkhoma inalowa mu 1926, komabe nkhani ya malire pakati pa masinodi a Nkhoma ndi Livingstonia yavuta kwa zaka zambiri, ndipo lero mu mzinda uno muli mipingo ya masinodi onse awiri.

Petro mwini anagwa m'msampha womwewu ku Antiokeya, pamene analeka kudya ndi Akhristu a mitundu ina chifukwa choopa alendo ochokera ku Yerusalemu, ndipo Paulo anamutsutsa maso ndi maso (Agalatiya 2:11-14). Chiyembekezo chilipo, chifukwa mipingo yolakwitsa yomweyi yachitapo zazikulu ikaima pamodzi. Pa 8 March 1992 kalata ya mabishopu a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse, kunena poyera zimene anthu ankaopa kunong'ona, ndipo chaka chomwecho atsogoleri a mipingo ina, Asilamu ndi magulu ena anapanga nawo Public Affairs Committee, imene inakambirana ndi boma kufikira riferendamu ya pa 14 June 1993. Kwa inu ndi ine ntchito yake ndi yaing'ono kuposa pamenepo: kuvotera munthu pa udindo wa mpingo chifukwa cha khalidwe lake, ndi kuphunzira nyimbo ya Chitumbuka, Chiyao kapena Chisena mnzathu akaiyambitsa.

Ndi liti pamene kuchoka mu mpingo kuli koyenera?

Chokani ngati Khristu sakulalikidwanso ndipo malo ake atenga munthu, ngati mukuuzidwa kusiya mankhwala a kuchipatala kapena kudana ndi abale anu powatcha afiti, ngati kufunsa funso kumatengedwa ngati kugalukira, kapena ngati zoipa zotchulidwa pamwambapa zikubisidwa mutayesetsa kuzinena. Pa zifukwa zotere musachedwe, ndipo tengani ana anu.

Zifukwa zimene ndimamva kawirikawiri ndi zina: sanandisankhe pa udindo, abusa atsopano salalikira ngati akale, wapampando wa amayi anandiyankha mwamwano. Zimenezi zimapweteka, koma mudzazipeza kumene mukupitako, zitangovala yunifolomu ina. Walira mvula walira matope. Ndikudziwa anthu amene m'zaka zisanu adutsa mipingo inayi, ndipo kulikonse nkhani yawo imayamba ndi chimwemwe n'kuthera pa munthu wina woipa.

Ngakhale Paulo ndi Barnaba anapatukana atakangana kwambiri za Yohane Marko (Machitidwe 15:36-40), koma patapita zaka Paulo analembera Timoteo kuti abwere ndi Marko chifukwa ndi wothandiza pa utumiki (2 Timoteo 4:11). Ngati mwatsimikiza kuchoka, tsanzikani, nenani chifukwa chake kwa atsogoleri, bwezani katundu wa mpingo amene muli naye, tengani kalata yosamukira ngati mpingo wanu umapereka, ndipo musakokere ena pambuyo panu.

Ndingakule bwanji mu uzimu pamene ondizungulira sakundipatsa chitsanzo?

Choyamba, werengani nokha. Baibulo lathunthu lakhala m'chilankhulo chathu kuyambira pamene Buku Lopatulika linamalizidwa mu 1922, motsogozedwa ndi William Murray wa mishoni ya Nkhoma, ndipo mu 1998 kunatuluka Buku Loyera m'Chichewa chosavuta. Anthu a ku Bereya anayamikiridwa chifukwa ankafufuza m'Malemba tsiku ndi tsiku kuti aone ngati zimene Paulo ankalalikira zinali zoona (Machitidwe 17:11).

Chachiwiri, lowani m'kagulu kakang'ono ka m'dera lanu, kaya kwanu mumati mlaga, mphakati kapena selo. Mu tchalitchi cha anthu mazanamazana munthu angathe kubisala zaka khumi, koma pabalaza la anthu 15 sizitheka. Bishopu Patrick Kalilombe, amene anakhala bishopu wa Lilongwe mu 1972, anaona zimenezi msanga, ndipo pa sinodi ya dayosizi ya 1973 mpaka 1975 analimbikitsa miphakati kuti Akhristu wamba azisenza okha moyo wa mpingo kumene akukhala. Boma la nthawi imeneyo linakayikira timagulu timeneti, ndipo iye anavutika nazo mpaka kuchoka m'dziko, koma miphakati ilipo mpaka lero.

Kenaka yang'anitsitsani bwino, chifukwa zitsanzo zilipo, kungoti sizikhala kutsogolo. Pafupifupi mpingo uliwonse uli ndi gogo amene amafika woyamba kudzasesa, kapena bambo wosalankhulalankhula amene amayendera odwala popanda womutuma. Dziphatikeni kwa munthu wotere, mupemphe kuti muzipita naye.

Nanga inuyo, simunaganizepo zochoka?

Ndinaganizapo, ndipo kwa miyezi iwiri sindinaponde pa tchalitchi. Ndinali m'komiti ya zomangamanga, ndipo pa msonkhano wina bambo wina anaimirira n'kufunsa, pamaso pa anthu onse, kumene kunapita matumba asanu ndi atatu a simenti. Mafunsidwe ake anali oti aliyense anamva kuti wakuba ndine. Matumbawo anali atauma ndi chinyezi m'nyengo ya mvula, ndipo ndinali nditanena kale kwa wapampando, koma panalibe pamene zinalembedwa. Ndinabwerera kunyumba thupi likunjenjemera, ndipo ndinauza amayi kunyumba kuti kumeneko ndathana nako.

M'mwezi wachiwiri bambo anga anamwalira m'chipatala muno mu mzinda, ndipo tinayenera kukawaika kumudzi ku Dowa. Ndalama ndinalibe, ndipo kumpingo sindinauzeko aliyense chifukwa cha manyazi. Uthenga unafika ndithu. Pofika madzulo amayi a mpingo anali atadzaza pabwalo, ena atasenza nkhuni, ena ufa m'mabeseni, ndipo anaimba usiku wonse, kuphatikizapo awiri amene ndinkadziwa kuti nkhani ya simenti anaifalitsa ndiwo. M'mawa kunafika lole. Amene anaipeza, n'kuyenda khomo ndi khomo kusonkhetsa za mafuta, anali bambo uja wa funso. Sanandipepese, ndipo inenso sindinayambitse nkhaniyo. Anakwera kumbuyo, anakhala pambali pa bokosi atagwira chivindikiro kuti chisagwedezeke m'mabampu, ndipo pofika kumudzi tsitsi ndi jekete lake zinali zofiira ndi fumbi.

Mpaka lero iye amanena kuti komiti yathu inasasamala, ndipo ine ndimanena kuti akanayamba wandifunsa pambali. Chaka chotsatira mpingo unagula buku lolembamo katundu yense wolowa ndi wotuluka m'sitolo, ndipo Lamulungu lachiwiri la mwezi uliwonse iye ndi ine timakhala tebulo limodzi m'vesitile, iye akuwerenga ndalama, ine ndikulemba.